Chipinda cha Khomo la Kunja

Nyumba za masiku ano zimadziwa kunamiza maso. Ukaima pamsewu umaona malata a buluu, mawindo akuluakulu ndi khonde la matailosi, n'kumati muno mukhala fuko lonse. Ukalowa umapeza kuti ukayetsemula pabalaza, wa kuchipinda akuti pepani. Nyumba imene Kingsford anamanga kuseri kwa msika wa Rufunsa inali yotero ndithu, koma mwini wakeyo ankainyadira kwabasi, moti tsiku lokamuonetsa Estina, iye mwini anavula nsapato pakhonde ngati wafika kwa eni ake.

Estina anali chibwenzi chake cha ukwati. Ankhoswe anali atakumana kale, ndipo zinamveka kuti ukwati udzachitika anthu akakolola.

"Iyi ni sitingi rumu," anatero Kingsford atatambasula manja, zala zikungotsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. "Apa mipando, apa tivi. Uku ni kitcheni yako. Na bafa ili mukati, Estina. Kulibe vopita panja na baketi mvula ikugwa."

"Yaoneka bwino, ba Kingsford."

"Uku manje ndiye kwathu." Anatsegula chitseko cha kuchipinda chogona akumwetulira mwamanyazi.

Estina anasuzumira. Anabwerera pabalaza, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna chitseko china. Panalibe.

"Nanga Misozi azagona kuti?"

Misozi anali mwana wake wamkazi, wa zaka khumi ndi chimodzi, amene anabereka asanamalize sukulu. Chibadwire mwanayo anali asanagoneko kutali ndi mayi ake, ndipo Kingsford ankazidziwa zimenezi kuyambira tsiku limene anayamba kuima nthawi yaitali pa tebulo la nthochi la Estina, kumagula nthochi zoti sadya.

"Tizaona," anatero Kingsford akukanda kumutu.

"Tizaona chani? Mwana si mpando wakuti tizaona poika."

"Nakamba kuti tizaona, iwe. Osavutika mutima."

Asanayankhe, kunamveka odi wotsekemera mopitiriza muyezo. Analowa Fridah, telala wa pamsika, tepi yopimira ili m'khosi, milomo ili psuu. Sanagogode, sanavulenso nsapato. Anayenda molunjika ku windo la kuchipinda chogona ngati munthu wodziwa njira.

"Ba Kingsford, ba mami banu banituma kuti nipime mawindo, nisoke makatani. Aa, amake Misozi, muliko? Sininakuoneni."

Anamuona bwinobwino. Rufunsa yense ankadziwa kuti Fridah anamufuna Kingsford kalekale, ndipo kuti amayi a mnyamatayo ankamutchula mwana wanga ngakhale pamaso pa anthu ku tchalitchi.

"Makatani ya m'nyumba muno nizasankha neka," anatero Estina.

"Sankhani chabe, ine nipima che." Fridah anatambasula tepi. "Ba Kingsford, nigwilileniko uku. Ine ndine mufupi."

Ndipo bambo uja, wamkulu ndi ndevu zake, anagwira tepiyo. Estina anaona zala zawo zitayandikana pakona ya windo, nsanje inamugwira. Anaima pakhomo la chipinda chimene ankati ndi chake, akuonerera mkazi wina akuchipima.

"Kanyumba kabwino aka," anatero Fridah akupinda tepi yake pang'onopang'ono. "Kokwana bantu babili."

* * *

Amayi a Kingsford, a Regina, anamuitanitsa Estina mkati mwa sabata yomweyo. Anali mayi wa ku Katete amene anabwera ku Rufunsa ndi malemu amuna awo, ndipo malo amene Kingsford anamangapo nyumba anali awo. Sankalola aliyense kuiwala zimenezi.

Estina anagwada chapatali monga achitira mpongozi, maso ali pansi. A Regina anali pampando pansi pa mtengo wa mango, akusankha nyemba m'lichero.

"Nyumba mwaiona?"

"Naiona, amai."

"Ndiye mwaona kuti chipinda n'chimodzi. Ine sindidana naye mwana wanu, ndi kamwana kaulemu. Koma taganizani bwino. Mtsikana uja wayamba kusinkhuka. Mumugoneka pabalaza? Mwamuna amene si bambo wake azituluka m'bafa ndi thaulo m'chiuno, kumulumpha mwana pamphasa? Kwathu zimenezo kulibe. Kale bafa linali kuseri, ana aakazi anali ndi kanyumba kawo. Za masiku anozi aika zonse m'chitini chimodzi, ndiye muli malo a mwamuna ndi mkazi wake basi."

Chowawa chinali chakuti mayiwo sananame. Estina yemwe ankadziwa kuti sizingatheke mtsikana kugona pakhomo la bafa la bambo womupeza.

"Tingamangeko ka rumu kena, amai," anatero chapansipansi.

"Pamalo pa ndani?" A Regina anaimika lichero. "Mwana ali ndi bambo wake wamoyo, amadutsa pamsewu apa tsiku lililonse. Kapena mupite naye kwa achibale anu ku Mpanshya. Mwana wanga sanamange nyumba yolerera ana a amuna anzake. Alipo atsikana ena amene akanalowa m'nyumba muja ndi chikwama chimodzi chokha."

Sanatchule dzina, koma chitenje chimene anavala chinali chosokedwa ndi Fridah. Estina anatsanzika mwaulemu, ndipo misozi anaisunga mpaka atapitirira mjigo.

* * *

Bambo wa Misozi anali Obby, dalaivala wa minibasi yoyenda pakati pa Lusaka ndi mlatho wa Luangwa. Zaka zonsezi udindo wake unkathera pa kuliza hutala akamadutsa ndi kuponyera mwana paketi ya mabisiketi pawindo. Koma nkhani pamsewu zimathamanga kuposa magalimoto, ndipo Lachisanu anaimitsa minibasi pambali n'kutsika, akuzunguza makiyi pachala.

"Namvela ati ba bwana bako bamanga bokosi ya machisa," anatero atatsamira tebulo la nthochi.

"Vikukhuza chani?"

"Vinikhuza. Mwana wanga azagona mu kitcheni monga mphaka? Ine ku Chongwe namanga nyumba ya zoona, Estina. Marumu folo. Imodzi ilibe na muntu, muli chabe matayala. Nipase mwana. Azankhala na bedi yake, sukulu ili pafupi, magetsi yaliko."

"Na bakazi bako?"

"Ndiye bamene banituma. Bali na kamwana kang'ono, bafuna Misozi azibe mufana wake."

"Choka apa, Obby. Bantu bako bakuyembekeza mu basi."

Obby anaseka, anathyola nthochi imodzi osafunsa, n'kumutsina Estina patsaya monga ankachitira kale. "Ganizapo. Namba yanga siinachinje."

Tsoka lake, nthawi imeneyo Kingsford anali tsidya la msewu pa njinga yake yamoto. Anaona kutsamira kuja, anaona kuseka kuja, anaonanso dzanja lija patsaya. Sanawoloke. Analiza njinga n'kubwerera kumene anachokera, fumbi lili koboo.

Madzulo foni ya Estina inalira. Unali uthenga wa Kingsford, ndipo anayamba kulemberana.

"Nthochi za mahala zikali kupezeka ku ba dalaiva?"

"Anabwela pa nkhani ya mwana."

"Nkhani ya mwana imakambiwa patsaya?"

Estina analuma mlomo. "Nanga makatani yamapimiwa na bantu babili?"

"Osasakaniza vinthu. Fridah banamutuma ni ba mami."

"Obby naye banamutuma ni bakazi bake. Iye ali na rumu ya Misozi. Imwe muli na tizaona."

Uthengawo unaonetsa kuti wawerengedwa. Pamwamba panaoneka kuti Kingsford akulemba, kenaka anasiya, kenaka anayambanso. Pamapeto pake panafika mawu awiri okha.

"Gona bwino."

Estina anaponya foni pabedi. Misozi, amene ankalemba za kusukulu atagona chafufumimba pamphasa, anadzutsa mutu.

"Mami, ku nyumba ya ba ankolo Kingsford nizagona na imwe?"

"Lemba homuweki yako."

* * *

Panapita masabata awiri akungopatsana moni wouma pafoni. Estina anali wouma mutu, Kingsford naye chimodzimodzi, ndipo anthu otere akakondana amavutitsa ndi anansi omwe. Kenaka mayi wina wogulitsa tomato anamutsina khutu Estina kuti kuseri kwa nyumba ija kukumangidwa china chake.

Anapita masana dzuwa lili pamutu. Kutsogolo kunali zii, koma kuseri kunkamveka kukhwekhwereza kwa fosholo. Atazungulira anaima chilili. Chipinda chatsopano chinali chitamera pakhoma la kumbuyo, njerwa zitafika kale pamwamba, chongosowa denga. Chinali ndi windo lake limodzi ndi khomo lake. Khomolo silinkalowera m'nyumba. Linkayang'ana panja.

A Mordecai, amisiri omanga, anali pamakwerero akusalaza pulasitala.

"Muli bwanji, ba Mordecai?"

"Bwino, amake Misozi." Anayankha osatembenuka, ngati munthu amene wapezedwa akudya m'phika.

"Iyi rumu ni ya chani?"

"Ni ya lendi."

"Ya lendi? Ndani anakamba?"

"Bene bake. Ati aliyense akafunsa, muuzeni ni ya lendi. Ine nimanga chabe, mayo."

Estina anayang'ananso chipindacho. Mwana wake analibe pogona, koma njerwa za chipinda cha mlendo zinapezeka. Ndipo khomo la panja! Aliyense wokulira kuno amadziwa kuti chipinda cha khomo la panja n'cha munthu wolowa ndi kutuluka mwini nyumba wamkazi osamuona.

Sanafunikire kufufuza kuti mlendoyo ndani. Pobwerera anadutsa pa shopu ya Fridah, ndipo telalayo anaimitsa makina n'kumuitana mokweza kuti amayi onse odikira zovala zawo amve.

"Amake Misozi! Tizankhala maneba! Ba mami Regina banipasa ka rumu kaja ka kumbuyo. Pano pa maketi fumbi yachilamo, nsalu zimada. Kuja nizasoka bwino, na kugona nizagona kwamene kuja. Mukasowa mchele muzagogoda chabe pa chipupa."

Amayi aja anayang'anana, wina anabisa kuseka m'chitenje.

"Ba Kingsford baziba?" Estina anafunsa.

"Nanga bamanga ndani?" Fridah anaponda makina n'kupitiriza kusoka.

Atafika kunyumba anatsegula foni. Fridah anali ataika kale chithunzi choti aliyense aone: waima pakhomo la chipinda chija, dzanja lili pa felemu, mutu wapendekeka. Pansi analemba kuti, Pakhomo panga pa manje, Mulungu ni wabwino. Estina anachiyang'ana chithunzicho mpaka maso anawawa, anachikulitsa, anachichepetsa, anaonanso kuti pakona pakuoneka chiwongolero cha njinga ya Kingsford. Njingayo inkakhala pamenepo masiku onse, koma nsanje siifunsa mafunso otero.

Anaimba foni. Kingsford anayankha pakati pa phokoso la magalimoto.

"Nili mu Lusaka, nagula malata. Nizabwela mailo."

"Malata ya rumu ya Fridah?"

"Ya ndani?"

"Osanipanga chipuba, ba Kingsford. Naiona na maso yanga. Ba Mordecai bakamba ati ni ya lendi. Ni zoona olo ni boza?"

"Ni ine ninabauza kukamba so. Koma mvela, Estina, ni nkhani itali. Pafoni siingamveke. Osamvela va bantu, yembekeza nibwele."

"Yankhani chabe. Munabauza ba mami banu kuti ni ya lendi?"

"Ee, ninabauza, koma..."

Estina anadula foni. Inaliranso, anaidula. Inaliranso kachitatu, anaithimitsa. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa linapendeka, akumuyang'ana Misozi akusewera fulaye ndi anzake, miyendo yake itayamba kutalika, diresi litayamba kumuchepera. Kenaka anayatsa foni, osawerenga mauthenga a Kingsford amene anali mbwee, n'kufufuza nambala imene anali asanaiimbe kwa zaka.

"Obby. Mailo kuseni ukapita ku Lusaka, uime."

* * *

Misozi sanalire pamene mayi ake ankapinda zovala zake m'chikwama. Anangokhala pabedi atagwira nsapato zake za kusukulu.

"Nalakwa chani, mami?"

"Sunalakwe. Kuli rumu yako kuja, na bedi yako weka. Uzayenda ku sukulu yabwino."

"Ine sinifuna bedi. Nifuna kugona na imwe."

"Wakula manje, Misozi. Ku nyumba kwa ba ankolo kulibe malo."

"Ningagone mu kitcheni. Sinizasokoneza."

Estina anatembenukira kukhoma, akunamizira kufuna chipeso. Mumtima ankadziuza kuti akuchitira mwana zabwino. Koma pansi pa mtimawo panali china chimene sakanachitchula: ankafuna kuti Kingsford akamve, amve kuwawa, adziwe kuti mwamuna wina wachita zimene iye walephera.

Minibasi inaima pamsika dzuwa litangotuluka. Obby anatsika yekha, ananyamula chikwama, n'kumukhazika mwanayo kutsogolo pafupi ndi iye. Anaonetsetsa kuti amayi onse a pamsika aona.

"Mwaona, bantu ba Mulungu? Anipasa yeka. Sininalande."

Misozi anaika chikhato pagalasi. Estina anakweza dzanja, koma galimoto inali itayamba kale kuyenda. Anaiyang'ana ikukwera chitunda cha kumadzulo mpaka inabisika kuseri kwa lole ya makala.

Ali chiimire choncho anamva fungo la mafuta onunkhira kumbuyo kwake.

"Mwachita bwino, amake Misozi," anatero Fridah akutsegula loko wa shopu yake. "Mwana afunika atate bake."

* * *

Kingsford anafika masana pa kalole ka hayala. Sanapite kunyumba kwake. Anaimitsa galimoto pa tebulo la nthochi, n'kutsika maso ali ofiira ndi fumbi ndi kusagona.

"Kwela."

"Nili pa nchito."

"Estina, kwela. Napapata."

Anakwera, koma anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, nkhope ili kuwindo. Atafika, Kingsford anamutsogolera kuseri. A Mordecai ndi mnzawo anayamba kutsitsa malata. Pansi pa malatawo panatuluka kabedi kachitsulo ka munthu mmodzi, matiresi atsopano ali m'pulasitiki, ndi katebulo kakang'ono kokhala ndi kabati, ndipo zonsezi anazilowetsa m'chipinda chija.

"Mwamugulila na bedi," anatero Estina akuseka kuseka kowawa. "Fridah ali na mwayi."

"Ngena mukati."

"Siningangene mu rumu ya chibwenzi chanu."

"Ngena uone windo."

Analowa. Chipindacho chinkanunkha simenti yaiwisi. Windo linali lotsika modabwitsa, losiyana ndi mawindo ena onse a nyumbayo. Kingsford anaima pambali pake, ndipo m'munsi mwa windolo munamufika pansi pa thumba la malaya.

"Ukumbuka pa Khisimisi pamene Misozi ananikumbatila? Mutu wake unafika apa pa thumba. Ninabauza ba Mordecai kuti windo itsike kufika pansi pa apa, kuti mwana akaimilila aziona panja, akankhala pa tebulo azibelenga na laiti ya zuba. Fridah angafune windo ya so?"

Estina anayandikira windolo.

"Na chitseko," anapitiriza Kingsford. "Ba mami banakamba zoona, mwana mukazi sangapite pa bafa yanga. Ndiye ninaika chitseko panja. Koma ona kwamene chayang'ana."

Estina anasuzumira. Khomolo linkayang'anizana ndi khomo la kumbuyo la khitchini, pafupi moti munthu wotsuka mbale akanatha kumuona mwana ali pabedi.

"Nanga chifukwa chani munakamba ati ni ya lendi?" Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono.

"Malo ni ya ba mami. Nikanakamba kuti ni ya Misozi, sembe banaletsa na njelwa imodzi. Ninati nimange, niike malata, mwana angene. Akangena, ndani angamuchose? Va Fridah ine sininazibe. Navimvela kuli iwe pafoni."

"Munakangiwa kuniuza ine?"

"Iwe ukakwiya umakamba vonse pa maketi. Ninafuna nikuonese yasila." Anapukuta nkhope ndi chikhato, kenaka anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu wotopa amene akuganiza kuti mavuto atha. "Manje yenda umutenge ku sukulu. Nifuna ayese bedi."

A Mordecai, amene anali atamva kale nkhani ya m'mawa monga Rufunsa yense, anatsitsa lata pansi mwakachetechete n'kupita kukaima kutsogolo.

"Estina? Mwana ali kuti?"

"Ayenda."

"Ayenda kuti?"

"Ku Chongwe. Na Obby. Lelo kuseni."

Kumwetulira kuja kunazima. Kingsford anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba.

"Ninakuuza kuti yembekeza. Usiku umodzi chabe."

"Ninaona chithunzi cha Fridah, mutu unazungulila."

"Ndiye unathamangila kuli Obby." Anagwedeza mutu. "Sunayende kuli ba nkhoswe. Sunayende ku Mpanshya kuli bene bako. Unayenda kuli Obby. Namba yake unali nayo nthawi yonse iyi?"

"Ba Kingsford, si vamene muganiza."

"Mutumile foni. Manje manje. Ika pa laudi nimvele."

Estina anaimba. Obby anayankha mokondwa, kumbuyo kwake kukumveka wailesi ndi kulira kwa khanda.

"Mwafika bwino?"

"Kudala, kuseni kwamene. Namusiya pa nyumba, nabwelako kudya."

"Obby, ninalakwisa. Malo yapezeka. Mailo ubwele naye."

Obby anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana si katundu wa pa basi, wakuti watsika pa siteshoni yolakwika. Unanipasa weka, maketi yonse inaona. Bauze ba bwana bako basunge njinga mu rumu yao."

"Nipaseko nikambe naye."

"Ali bize."

Ndipo kumbuyoko kunamveka mawu a mkazi, akuthwa ngati lumo: "Misozi! Sumvela mwana alila? Mupape kumbuyo, ukasiliza usuke mapoto!"

Foni inaduka.

Estina anakhala pansi pa simenti yaiwisi, osasamala za chitenje. Analira kulira kwenikweni, kogwira pamimba. Kingsford sanamugwire. Anaima pawindo lotsika lija, nsagwada zili gwa, akuyang'ana panja.

* * *

Akali choncho kunamveka kulira kwa wilibala. Inazungulira pakona ya nyumba ikukankhidwa ndi Fridah mwini wake, makina osokera atakhala pamwamba, atakutidwa ndi nsalu ya maluwa. Pambuyo pake pankabwera a Regina ndi ambulera yawo, akuyenda mosafulumira ngati munthu woyendera munda wake.

Estina anadzuka msangamsanga, anapukuta nkhope, n'kugwada pakhomo.

"Malata afika, ndaona," anatero a Regina. "Akhome lero lomwe. Ndamuuza mwana wangayu kuti asadikire, ayambe kubweretsa katundu."

"Mami," anatero Kingsford, "iyi rumu..."

"Ndi ya lendi. Unandiuza wekha, pakamwa pako. Kapena unkanamiza mayi ako pamalo a bambo ako?" Anamuyang'ana mwana wawo m'maso, kenaka anayang'ana kabedi kaja, katebulo kaja, ndi windo lija. Anamvetsa zonse, ndipo sanasinthe nkhope. "Ndamva kuti mtsikana wapita kwa bambo wake. Zakhala bwino. Ndiye chipinda chikhale chopanda munthu chifukwa chiyani?"

Estina anakweza maso kwa Kingsford. Sanasamale za ulemu wa pamaso pa apongozi, anamuyang'ana ndithu, maso akupempha. Liwu limodzi lokha likanakwana. Akanangoti ayi, mawa akanakwera basi yoyamba kupita ku Chongwe, akanagwada pakhomo pa mkazi wa Obby, akanachita chilichonse.

"Ba Kingsford," ananong'ona. "Kambani."

Kingsford anayang'ana foni imene inali m'dzanja la Estina, dzina la Obby likuwalabe pagalasi.

"Nikambe chani?" anatero mozizira. "Mwine wa rumu unamupeleka weka."

Anatuluka, n'kukayamba kukweza malata padenga.

Fridah anatsitsa makina ake, anawanyamula pachifuwa, n'kusuzumira m'chipindamo pamwamba pa mutu wa Estina.

"Iyee, na bedi muli! Koma windo yafupika maningi, nizaikapo katani yaitali." Anatsitsa maso, akumwetulira mokoma. "Amake Misozi, sendelaniko pang'ono. Mwagwada pakhomo panga."